Tsokonombwe Adatha Mtunda N'kudumpha

Makolo athu akale, amene sadaone sileti kapena choko, ndipo sadakhalepo pa benchi kumva mphunzitsi akuwerengetsa ana masamu, adayang'ana kachilombo konyozeka ka m'udzu, kosatha kuuluka patali monga achitira dzombe, naona mwa iko nzeru imene adatisiyira m'mawu ochepa akuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ambiri a ife tikamva mwambiwu timatolamo chilimbikitso cha khama, ndipo sitilakwa. Koma ine, ndikamausinkhasinkha m'masiku ano a imvi zanga, ndimaona kuti mkati mwake mudabisala chinthu china chofuna kudekha kuti munthu achione. Tsokonombwe ali ndi mlingo wake wa kudumpha kumodzi, umene sasintha chifukwa cha changu kapena manyazi; ndipo munthu amene wadziwa kutalika kwa kudumpha kumodziko, nadziwanso kutalika kwa mtunda, angathe kunena ulendo usanayambe kuti kachilomboka kadzadumpha kangati kuti kafike tsidya. Kuwerengera ntchito konse kwagona pamenepo, pa kudziwa zimene munthu amachita pa tsiku limodzi, pakuti wodziwa tsiku limodzi wadziwa sabata, wadziwa mwezi, ndipo waona nyumba yake itafoleredwa maziko asanakumbidwe.

Ine zimenezi ndidaziphunzira pa nkhuti, m'mphepete mwa dambo la kwathu, m'chilimwe china pamene amalume anga, atagulitsa mtedza wawo, adatsimikiza mtima kuti nyumba ya mitengo yomata ndi dothi yawakwana, ndipo amange ya njerwa zootcha. Adaitana munthu wina wa mudzi woyandikana nawo, wodziwika pa luso loumba, nagwirizana naye mtengo wa njerwa chikwi chilichonse. Koma za tsiku loyatsa uvuni sadanene kanthu, adangotenga mpando wawo wa ndalema nakhala pansi pa mkuyu, kuyang'ana. Ndimakumbukira bwino lomwe kagwiridwe ka munthuyo. Madzulo ankakumba dothi nalithira madzi kuti ligone likufewa. M'mamawa, mame asanakamuke, ankalowamo ndi mapazi, kuliponda mpaka litamatana ngati nsima ya kondowole. Kenaka ankaviika chikombole m'madzi, kutapa dothi ndi manja awiri, kuliponya m'chikombolemo mwamphamvu kuti lilowe m'ngodya zonse, kusalaza pamwamba ndi chikhatho, ndi kuthamanga nacho chowerama kukakhuthula pabwalo losesedwa bwino. Mnyamata wake ankatsata pambuyo kufunditsa njerwazo udzu, kuopa kuti dzuwa lingazing'ambe zisanaume. Amalume ankawerenga mwakachetechete, milomo yokha ikugwedezeka, ndipo njerwa zikakwana zana limodzi ankachotsa njere ya chimanga m'thumba la kumanja naiika m'thumba la kumanzere.

Madzulo a tsiku lachitatu adandikodola. "Mphwanga, tabwera kuno. Njere izi uzigawe milu itatu yofanana." Zidali njere 15, ndipo nditagawa mulu uliwonse udakhala ndi zisanu. "Ndiye kuti munthuyu amaumba njerwa zingati dzuwa limodzi?" Ndidayankha kuti 500. "Mmisiri wanena kuti nyumba yathu ifuna njerwa 10,000, kuwerengera ndi zosweka zomwe. Tidzakhala pano masiku angati?" Ndidalembalemba pa dothi ndi kamtengo, ndipo patapita nthawi ndidati masiku 20. Amalume adavomera ndi mutu, koma sadalekere pomwepo. Adati ndionjezerepo Masabata atatu amene adzagwe pakati, pakuti tsiku la Mulungu siliumbidwa njerwa. Adati ndisiyenso masiku awiri opanda dzina, chifukwa m'mudzi simutha mwezi popanda maliro kapena matenda. Ndipo atatero ndi pamene adatuma uthenga kwa eni ngolo za nkhuni, kuwauza sabata loti adzabwere.

Ndidawafunsa chifukwa chimene adadikirira masiku atatu, pamene akadatha kuwerenga tsiku loyamba lomwelo n'kudziwa. Yankho lawo ndidalisunga kufikira lero, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Adati tsiku loyamba munthu waganyu amagwira ndi maso a mwini ntchito, kufuna kuoneka wamphamvu, ndipo lachiwiri msana umamulipiritsa ngongole ya dzulo. Amene afuna kudziwa mlingo weniweni wa munthu aphatikize masiku abwino ndi oipa, nawagawe mofanana. Akadatenga tsiku loyamba lokha, pamene munthuyo adaumba zoposa 600, akadaitana nkhuni msanga, akadalonjeza mmisiri tsiku labodza, ndipo choipa koposa, akadayamba kumuona woumbayo ngati waulesi masiku onse otsalawo, pomwe iye akugwira mokhulupirika monga mwa mphamvu zimene Mlengi adampatsa.

Nditalowa m'makalasi apamwamba a pulayimale ndidakumana ndi nzeru yomweyi itavala malaya ena. Aphunzitsi ankalemba pa bolodi kuti ngati munthu alima mizere 24 m'masiku atatu, adzalima mizere ingati m'masiku khumi. Ndipo ankatichenjeza, akugogoda bolodi ndi rula, kuti tisathamangire masiku khumiwo tisanapeze za tsiku limodzi. Gawa poyamba, upeze mizere 8. Chulukitsa pambuyo, upeze 80. Ukafuna masiku, tenga ntchito yonse uigawe ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ukafuna kudziwa changu chimene chikufunika, tenga ntchito yonse uigawe ndi masiku amene uli nawo. Anzanga ena ankaloweza malamulowa ngati katekisimu, osadziwa kumene achokera. Koma ine ndinkaona milu itatu ya chimanga pa dothi, ndipo samu inkatseguka yokha. Ndimakhulupirira kufikira tsopano kuti mwana wa kumudzi amabwera kusukulu atanyamula kale theka la masamu amenewa m'manja mwake, ndipo mphunzitsi wanzeru ndi amene amayambira pa khasu, pa mtondo ndi pa ndowa ya madzi, zinthu zimene mwanayo amadziwa kulemera kwake.

Padali samu imodzi imene inkagwetsa ngakhale ochenjera. Munthu wina apalira munda m'masiku 6, mnzake munda womwewo aupalira m'masiku atatu. Akagwira limodzi adzatha masiku angati? Ena ankaphatikiza nati 9, osaona kuti anena chodabwitsa, chakuti anthu awiri achedwa kuposa mmodzi; ena ankafuna pakati nati anayi ndi theka, kuiwala kuti wachangu uja payekha amatha m'masiku atatu, ndipo mnzake sangabwere kudzamuchedwetsa. Njira yake ndi ya tsokonombwe yomweyo. Tiyerekeze kuti mundawo uli ndi ndime zisanu ndi imodzi: woyamba amatha ndime imodzi pa tsiku, wachiwiri ziwiri, pamodzi amatha zitatu, ndipo munda wonse watha m'masiku awiri. Chimene chimaphatikizidwa ndi ntchito ya tsiku limodzi ya munthu aliyense, pakuti mphamvu ndizo zimasonkhana, masiku sasonkhana.

Mlimi ndiye afunika nzeru imeneyi koposa onse, chifukwa iye mpikisano wake ali nawo ndi mitambo, imene simva kupepesa. Hekitala imodzi ndi malo a mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi, pafupifupi maekala awiri ndi theka. Alangizi a zaulimi amatiuza kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, ndi mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, monga mwa kabzalidwe kamene alimi adakatcha Sasakawa. Ndiye kuti pa hekitala pamakhala mizere 133, uliwonse wa mamita 100, ndi mapando opitirira 53,000. Tsono munthu amene wadziyesa napeza kuti amaunga mizere yotere isanu pa tsiku adziwe kuti afunika masiku 27 a ntchito, ndipo ngati mvula yobzalira imagwa kwawo chakumapeto kwa Novembala, khasu lake liyenera kukhala litalowa m'munda mwezi wa Okutobala usanakalambe. Ngati wazindikira atatsala ndi masiku 14 okha, samu imuuza poyera, mopanda kumunyengerera, kuti afunika mizere pafupifupi khumi pa tsiku, imene manja ake sangaithe. Apo ndi pofunika kuitana abale, kufulula thobwa ndi kuchititsa dima, kapena kuchepetsa munda nalima bwino gawo limene angalithe. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ambiri amene timawatcha azengerezu ndi anthu akhama ndithu, amene adangolephera kuwerenga masiku nthawi ikadalipo. Ambuye Yesu, m'Uthenga Wabwino wa Luka, adafanizira womanga nsanja amene sadayambe waona ngati chuma chake chidzafika padenga, nasanduka choseketsa cha odutsa. Ndipo makoma ofika m'mawindo, omera udzu pamwamba, amene timawaona m'mbali mwa misewu yathu, amalalikira fanizo lomwelo chaka ndi chaka.

Koma pano ndiyenera kuchenjeza, pakuti samu ya pa bolodi ili ndi ulemu wina umene munda ulibe. Pa bolodi masiku onse ndi ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ndipo anthu onse ndi amphamvu zofanana. Kumunda ndime ya pa mchenga siifanana ndi ya pa katondo wouma, ndipo kumene kwamera nansongole khasu limalowa ngati likupempha. Mzere wa m'mawa, thupi likadali lozizira, sufanana ndi wa dzuwa lili paliwombo. Othyola tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje amadziwa kuti manja omwewo, amene amadzaza dengu msanga m'nyengo ya mvula pamene tiyi akuphuka usiku ndi usana, amayendayenda m'mizere m'chilimwe kufunafuna masamba anthete. Sikelo imaonetsa makilogalamu ochepa, koma munthuyo sadasinthe, yasintha ndi nyengo. Ndiponso ngakhale kuli koona kuti mutu umodzi susenza denga, sikuti mitu ikachuluka ntchito imafupika mopanda malire. Samu ikhoza kunena kuti ngati mmodzi aumba njerwa 10,000 m'masiku 20, anthu 20 aziumba tsiku limodzi. Koma chikombole n'chimodzi, nkhuti ndi yopapatiza, chitsime chimaphwa chikatungidwa mopitirira, ndipo njerwa siuma msanga chifukwa choti oumba achuluka. Nehemiya adamanganso linga la Yerusalemu m'masiku 52, ndipo tikawerenga mbiriyo timaona kuti adagawira mabanja ndi magulu zigawo zawozawo, ena moyang'anizana ndi nyumba zawo. Anthu ambiri amafulumiza ntchito pokhapokha aliyense ali ndi ndime yake ndi chida chake.

Tsono ndifike pa chimene chimandilemera mumtima, chimene mabuku a masamu sanena. Mlingo wa tsiku limodzi ndi chida chabwino m'manja mwa munthu wodziyesa yekha. Koma ukakhala m'manja mwa wina, amene iye mwini sagwira khasu, umatha kusanduka goli. Buku la Eksodo limatiuza kuti Farao, atakwiya ndi pempho la Mose ndi Aroni, adaleka kupatsa ana a Israyeli udzu woumbira njerwa, nawalamula kuti akadzifunire okha, koma chiwerengero cha njerwa za tsiku sadachichepetse. Ndipo zitalephereka, akapitawo a Israyeli adakwapulidwa, anthu natchedwa aulesi. Taonani kuchenjera kwa nkhanza imeneyi. Farao sadafunikire kuonjezera njerwa ngakhale imodzi. Adangosiya chiwerengero momwe chidaliri, nasintha ntchito imene idali pansi pake. Wowerenga mabuku a nyumba yachifumu akadaona kuti mlingo ndi womwewo wa chaka chatha, ndipo akadati palibe cholakwa.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi tsamba lofanana nalo. Mawu akuti thangata adali mawu abwino pakati pathu, pakuti kuthangata ndi kuthandiza, monga mbale athandiza mbale wake pa ntchito yolemera. Koma pamene atsamunda adatenga malo aakulu cha ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, anthu okhala pa malowo, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, adalamulidwa kulipira pokhala pawo ndi ntchito, mwezi wina wa malo, mwezi wina wa msonkho. Pomva, miyezi iwiri ioneka ngati yopiririka. Koma mwezi wa pa esiteti sudali mwezi wa kumwamba umene umaoneka ndi kufa pa nthawi yake. Unkawerengedwa ndi masiku olembedwa pa tikiti, ndipo pa minda ina tsiku linkalembedwa pokhapokha munthu atamaliza mgwazo umene kapitawo adamupimira. Mgwazo ukakula kuposa mphamvu za munthu, iye ankagwira kuyambira mbandakucha kufikira madzulo nabwerera kwawo tikiti ili yoyera. Motero miyezi iwiri inkatambasuka kukhala yambiri, ndipo inkagwa m'nyengo ya dzinja, pamene munda wake womwe ukulira khasu. Esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, imene ankayang'anira William Jervis Livingstone, idatchuka ndi kuwawa kotere, ndipo kumeneko ndi kumene anthu a Mbusa John Chilembwe, wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, adathira nkhondo usiku wa pa 23 Januwale 1915. Sindinena kuti mgwazo wokha ndiwo udautsa nkhondoyo, pakuti padalinso kuotchedwa kwa nyumba zopemphereramo ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera pa nkhondo ya Azungu. Koma tikiti yosalembedwa idali imodzi mwa nkhuni zimene zidakoleza motowo. Thangata sadathe kufikira chaka cha 1962.

Atsamunda adapita, koma chingwe chopimira ndime chidatsala, ndipo tsopano chili m'manja mwathu. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikayera, mayi amadzuka nkhuku zisanatsike, mwana kumbuyo, khasu paphewa, kukafuna ganyu kwa mnansi amene zake zidayenda bwino. Ndidamuona ndi maso anga mwini munda wina akupima ndime ndi masitepe ake aataliatali, akuloza ndi ndodo kuyambira pa chulu kufikira pa mtengo wa mango, nanena kuti mnyamata wake adapalira malo otere dzuwa lisanapendeke. Sadanene kuti mnyamatayo adali atadya, kapena kuti adapalira udzu ukadali wanthete, mvula ya masabata awiri isanaukhwimitse. Mayiyo adayang'ana ndimeyo, nayang'ana mbale ya ufa imene adalonjezedwa, nangoti, "Chabwino, bambo." Sakadatsutsa, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ana adagona ndi njala dzulo lake. Ndime ya tsiku limodziyo adaimaliza madzulo a tsiku lachiwiri. Ndipo aliyense wodziwa kugawa aona kuti malipiro ake a tsiku adadulidwa pakati popanda wina kutchula mawu akuti kudula. Masiku awiriwonso adachotsedwa ku munda wake, kumene chimanga chinkafiira m'udzu, kotero kuti njala ya chaka chamawa idabzalidwa tsiku lomwelo. Chilamulo cha Mose chidaletsa kugoneka malipiro a waganyu kufikira m'mawa. Ine ndikuona kuti kukulitsa ndime mwadala ndi mbale wake wa tchimo lomwelo, ndipo ndi loipirapo chifukwa limavala nkhope ya pangano.

Chifukwa chake ndimafuna kuti ana athu aphunzire masamu amenewa bwino, ndipo makamaka ana a anthu osauka. Munthu amene amadziwa kuti iye amapalira mizere yakutiyakuti pa tsiku ali ndi poimira, akaloza mwini munda ndime, iye angathe kuwerenga mizere nati, "Pepani bambo, iyi ndi ya masiku awiri, tikambirane mtengo wa masiku awiri." Telala wodziwa kuti amasoka mayunifolomu anayi pa tsiku salandira nsalu za ana 60 sabata lotsegulira sukulu nalonjeza onse Lolemba, kenaka n'kumabisala kuseri kwa sitolo makolo akabwera, amanena poyera kuti afunika masiku 15, ndipo dzina lake limakhala. Amalume aja, njerwa zitakwana, adamulipira woumbayo madzulo omwewo monga adapanganira, ndipo popeza sadamuyembekezere zoposa mlingo wake, adasiyana akugwirana chanza. Chaka chotsatira munthu yemweyo adabweranso kudzaumba za khitchini.

Inu owerenga, amene Mulungu wakudalitsani kuti chaka chino mulembe aganyu m'munda mwanu, ndikupemphani chinthu chimodzi. Musanapime ndime ya munthu wina, tengani khasu inu eni, mulowe m'munda womwewo pamene udzu wakula, dzuwa litakwera, mupalire mzere umodzi kufikira kumapeto kwake, ndipo muone nthawi imene wakutengerani. Mukatero muwerenge mizere ya tsiku limodzi, kukumbukira kuti amene adzagwire ndimeyo mwina sadadye m'mawa, ndi kuti kwawo wasiya munda wake ukumudikira.